Wachingwe Anali Achemwali Anga

Ntchito yanga ndi yoyendetsa zidole. Ndikatero anthu amaseka, ndiye ndimayamba kufotokoza. Munthu uja mumamuona mu gemu ya pakompyuta akuthamanga, kudumpha ndi kutembenuka sachita yekha ayi. Pali wina amene amakhala pampando tsiku lonse akumupinda bondo, kumukweza phewa, kumutsitsa chigongono, mpaka azioneka wamoyo. Winayo ndine. Ofesi yathu ndi chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa shopu ya matayala. Makatani amakhala otseka kuti dzuwa lisagwere pa masikirini, ndipo fani yathu imalira ngati ikudwala chifuwa. Sitikwana khumi, ndipo wamkazi ndine ndekha.

Gemu imene tinkapanga inali ya mayi wopulumutsa anthu mumzinda umene wamira ndi madzi osefukira. Amakwera makoma, amamanga zingwe pamadenga, amabereka ovulala kumsana. Dzina lake lenileni linali lisanapezeke, ife tinkangomuti Wachingwe. Poyamba penipeni abwana ananena kuti akufuna mkazi weniweni, wa minofu ndi thukuta, osati tiatsikana tosalala timene tadzaza magemu enawa. Ine, kupusa kwangaku, ndinakhulupirira. Ndinakweza dzanja n'kunena kuti munthu woteroyo ndikumudziwa.

Munthuyo anali achemwali anga, mphunzitsi wa masewera pa sukulu ya pulayimale. Ndi mayi wa mapewa otambalala, anasewera mpira wamanja mpaka bondo linawakaniza, ndipo akamayenda amaponda ngati nthaka inawalakwira. Ife tinkafuna zinthu ziwiri kwa iwo, kayendedwe kawo ndi nkhope yawo.

"Ine mu gemu?" anatero nditawauza. "Iwe, ana a pa sukulu yanga amagona ndi mafoni m'manja. Akandione ndikuchita chiyani?"

"Akakuonani mukupulumutsa anthu, achemwali. Jekete lalitali, jombo, chisoti kumutu. Palibe chochititsa manyazi."

"Si zija ndimaziona kwa mwana wangayu? Mtsikana akumenya nkhondo atavala kansalu kosakwana kupukutira mbale?"

"Yathuyi si choncho. Woyendetsa ndine. Ndikhulupirireni."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Ndiwe mwana wa amayi anga. Ndikakukayikira iwe ndikhulupirira ndani?"

Anabwera ku ofesi Loweruka lina. Tinawaveka suti yothina yomatidwa timipira toyera, makamera atazungulira chipinda chonse. Makamerawo saona munthu, amaona timipirato, ndipo kompyuta imatenga kusuntha kwa timipira n'kukupereka ku mafupa a chidole. Achemwali anaseka mpaka misozi atadziona pagalasi, kenako anagwira ntchito mpaka anyamata a mu ofesi anasiya nthabwala. Anakwera makwerero, anakoka chingwe, anabereka thumba la mchenga m'malo mwa wovulala. Pomaliza anakhala pampando osaphethira, makamera ena n'kujambula nkhope yawo, ndi chipsera chomwe cha pansidze chimene anachipeza tili ana.

Tsopano ndifotokoze mmene timagwirira ntchito, chifukwa vuto lonse linagona pamenepo. Munthu wa mu gemu sitimupangira pamodzi. Ine ndimayendetsa chidole chotuwa, chopanda nkhope, chopanda tsitsi, chopanda zovala, popeza munthu wathunthu amalemetsa kompyuta yanga mpaka imaima. Mnzanga wina, amene timamuti Telala, amasoka zovala pa thupi loima njo lopanda mutu. Nkhope inamalizidwa koyambirira n'kusungidwa payokha. Kulumikiza zonsezi kumadya makina tsiku lathunthu, choncho timasiyira kumapeto. Ndiponso tikasintha kanthu timayerekeza ndi za sabata yatha, osati ndi za tsiku loyamba. Za tsiku loyamba ndani ali ndi nthawi yozitsegula?

Lolemba lililonse abwana ankalankhula pavidiyo ndi ofalitsa gemu, anthu a kampani yaikulu ya kutali amene ife enafe sitinawaonepo. Akatuluka m'kachipinda kawo kotchinga pakona ankayendera madesiki limodzi ndi limodzi. Kumbali timawati a Pang'ono Chabe, ndipo dzinali sanalipeze mwangozi.

"Akuti akuyenda ngati mwamuna," anatero tsiku lina ataima kumbuyo kwa mpando wanga.

"Akuyenda ngati munthu amene wanyamula chingwe cholemera, bwana."

"Ndikumva. Koma taganizani, kamera imakhala kumbuyo kwake gemu yonse. Wosewera amamuona msana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akuti timupatse choyang'ana."

"Aziyang'ana madzi akubwerawo."

"Pang'ono chabe, mayi. Chiuno chisunthe pang'ono chabe. Palibe angazindikire."

Ndinakana tsiku limenelo, ndinakananso mawa lake, mpaka tinagwirizana theka la zimene anapempha. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndawaonetsa. Sabata yotsatira anabwera ndi nkhani ya mapewa, akuti atambalala kwambiri, ndiponso manja azigwedezeka mofewa. Kenako mapazi, akuti aziponda pamzere umodzi, lina patsogolo pa linzake. Kenako mmene Wachingwe amaimira wosewera akasiya mabatani. Achemwali akaima amatangadza miyendo, manja m'chiuno, kupuma mwamphamvu. Ofalitsa anafuna apinde msana, mwendo umodzi patsogolo, azikonza tsitsi. Munthu ali pakati pa madzi osefukira, ana akulira padenga, iye n'kumakonza tsitsi.

Kukangana kumatopetsa kuposa ntchito. Ukakhala mkazi wekha m'chipinda, ukangotsegula pakamwa anzako amayang'anana, ndipo umadziwa kuti mumtima akuti wayambanso. Ndinafika poti Lamlungu madzulo mutu unkayamba kundipweteka Lolemba lisanafike. Patapita miyezi ndinasiya kutsutsa. Abwana akati pang'ono chabe, ine ndinkangokoka ndi mausi kamzere koyendetsa chiuno pa sikirini, n'kuyerekeza ndi ka sabata yatha, ndipo kusiyana kwake kunalidi kochepa. Chidole chotuwa chilibe maso oti chikuyang'ane, chilibe mwana, sichiphunzitsa pa sukulu iliyonse. Masiku ambiri ndinkaiwala kuti mafupa amenewo ndi a munthu amene anandibereka kumsana ndili khanda. Pang'onopang'ono ndi mtolo, kungoti ife mtolo wathu sitinkauona, aliyense anali ndi chikuni chake pa desiki yake.

Achemwali ankaimba foni nthawi zina. "Nanga Wachingwe wathu ali bwanji?"

"Akuyenda," ndinkayankha.

"Fulumirani. Mwana wakoyu wauza kale kalasi yonse kuti amayi ake ali mu gemu. Ana akundifunsa pabwalo mpaka ndatopa."

Tsiku lolumikiza linafika chifukwa ofalitsa anafuna kavidiyo kotsatsira gemu. M'mawa wake tonse tinakoka mipando kukhala kutsogolo kwa sikirini yaikulu ya pakhoma, ena makapu a tiyi ali m'manja. Madzi anaoneka bwino, mvula inaoneka bwino, ndipo kwa kanthawi ndinanyadira nawo. Kenako kamera inayambira pansi, pa jombo zimene zinali zitamera zidendene zazitali, n'kukwera miyendo mosafulumira. Thalauza linali lomatirira pathupi. Jekete lalitali lija linathera pamwamba pa mchombo, zipi itatsika mpaka pakati pa chifuwa, ndipo chifuwacho chinali ndi kugwedezeka kwakekwake kumene wina anachita kukhalira pansi kukukonza. Chisoti panalibe. Mayiyo anabwera kwa ife akudikula, mapazi pamzere umodzi, n'kutembenuza mutu mwamanyado. Anali achemwali anga, ndi chipsera chawo chomwe.

Anyamata ena anawomba m'manja. Ine manyazi anandigwira. Telala, amene anakhala pafupi nane, anali akuyang'ana nsapato zake.

"Ine ndimangodula pang'ono," ananong'ona. "Mutu sindinali nawo."

Ndikanamukalipira chiyani, pamene chiuno chinali changa?

Abwana ndinawapeza pamasitepe, pamene fungo la matayala limakwera kuchokera pansi.

"Bwana, aja ndi achemwali anga."

"Ndaona." Anadzipukuta kumaso ndi chikhatho. Nawonso anali otopa, maso ofiira, malaya omwe aja a dzulo. "Nanenso ndinaiwala, mayi. Ndikunena zoona."

"Tibweze jekete. Tibweze kayendedwe. Zoyamba zija zilipo, sitinafufute."

"Ofalitsa avomereza kale zimenezi, ndipo akondwa. Ndikawauza kuti tikubwerera m'mbuyo, atenga gemu yawo kukapatsa ena. Tonsefe titsika kukapopa matayala pansipa."

"Amaphunzitsa ana, bwana. Kavidiyo kameneka kakatuluka, anyamata a makalasi akuluakulu akhala nako pafoni tsiku lomwelo. Lolemba akaima bwanji pabwalo ndi wezulo pakamwa? Makolo ati chiyani? Alamu anga ati chiyani?"

"Bwanji muwafunse kaye? Mwina sangadandaule."

Ndinawayang'ana mpaka anayang'ana kukhoma.

"Chabwino," anatero. "Thupi sindingakhudze. Nkhope ndingathe. Tiikapo ya munthu wosakhalako, yongopanga. Kavidiyo kadikire mpaka Lachisanu. Ofalitsa sazindikira n'komwe, iwo za nkhope alibe nazo ntchito."

Mawu omalizawo anangowatuluka, ndipo pa zonse zimene ananena chaka chimenecho ndi okhawo amene sindinawakayikire.

Sabata imeneyo tinachotsa achemwali pakhosi pa Wachingwe n'kuikapo mtsikana wa maso aakulu, mphuno yaing'ono, khungu lopanda chipsera ngakhale chimodzi. Ndinakhala pambali pa wojambula nkhope mpaka ndinatsimikiza kuti palibe mwana wa pa sukulu ija angawazindikire. Ndinapambana, ngati kupambana kumatero. Za kusiya ntchito ndinaziganizira, sindinganame, koma ndinangoganizira. Ntchito iyi ndinaililira ndekha zaka zambiri, ndipo walira mvula walira matope. Chinatsala n'kukawauza eni nkhope.

Ndinawapeza Loweruka masana pakhonde la kuseri, akuchapa majuzi a timu ya pa sukulu m'beseni, bondo atalimanga bandeji. Alamu kunalibe, mwana anali kwa anzake. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kufunsa za sukulu, za bondo, za mvula, mpaka achemwali anasiya kuchapa.

"Iwe sumabwera kudzafunsa za mvula. Tulutsa."

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa kavidiyo katsopano. Anapukuta manja pa siketi, n'kuigwira patali ndi maso monga amachitira akaiwala magalasi.

"Ameneyu ndani?"

"Wachingwe."

"Wachingwe wake uti?"

Ndinafotokoza zonse, za chidole chotuwa, za Telala ndi thupi lopanda mutu, za Lolemba lililonse. Pofotokoza ndinadzimva ndekha kuti zikumveka ngati za mwana amene waswa kapu n'kumati inadzigwera. Iwo sanandidule mawu.

"Ndiye nkhope yanga inali pa thupi limeneli?"

"Inalipo. Tachotsa."

"Ndionetse."

"Achemwali, palibe chifukwa."

"Ndati ndionetse."

Anaonera mpaka kumapeto, osagwedeza ngakhale nsidze. Kuseri kwa mpanda wina anali kukhoma misomali, ndipo ine ndinangomvetsera zimenezo.

"Aona angati?"

"A mu ofesi okha, ndi ofalitsa. Sikatuluka kameneko, ndaonetsetsa."

"Chiunochi anapanga ndani?"

"Ine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Umaidziwa ntchito," anatero, n'kundibwezera foni.

Ndikanakonda akanandimenya ndi juzi lonyowa. Anabwerera ku beseni, anafinya juzi limodzi, lachiwiri, kenako anaimanso.

"Wachita bwino kuchotsa nkhopeyo. Ndikanasiya ntchito. Koma tandiuza, kuyenda munasintha. Nanga kuthamanga?"

"Tinasintha."

"Kukwera makwerero kuja?"

"Tinasintha. Akuti kamera imakhala pansi pake, ndiye..." Sindinamalize.

"Kubereka thumba?"

"Nakonso."

"Ndiye changa chatsalamo n'chiyani? Ndinataya Loweruka lathunthu nditavala ngati mtengo wa zipatso."

Ndikanatha kunama. Ndikanati mafupa ndi anube, mphamvu ndi zanu, mawu okoma amene timalemba potsatsa malonda. Koma ndinali nditatopa, ndipo bodza nalonso limafuna mphamvu.

"Kugwa," ndinatero. "Mukukumbukira masana a tsiku lija tinayala matiresi? Kuterereka padenga, kugwetsedwa ndi mtengo, kukokoloka ndi madzi. Zimenezo ofalitsa anati tisakhudze ngakhale pang'ono. Akuti sanaonepo mkazi wa mu gemu akugwa zomveka kuwawa chotero."

"Zinkawawadi," anatero achemwali. "Bondo ili linatupa sabata yonse. Sindinakuuze, ndinati ungadandaule."

Anatambasula dzanja, ndipo ndinawatsegulira kavidiyo kena kamene ndimayesera ntchito yanga. Mtsikana wa maso aakulu uja anayenda padenga akudikula, phazi linaterereka, ndipo mwadzidzidzi thupi lonse linasintha. Mapewa anauma, chibwano chinalowa m'chifuwa, dzanja linathamangira kukatchinga bondo lamanzere asanafike pansi. Anagudubuzika, anayesa kudzuka, mwendo unakana. Aliyense amene anakulira m'nyumba mwathu akanamuzindikira pamenepo.

"Ndiye akamayenda ndi wina, akamagwa ndine," anatero achemwali.

"Inde."

"Ndipo amagwa kangati?"

"Wosewera akalakwitsa basi. Gemuyi ndi yovuta, ndiye amagwa kwambiri."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Ndinafuna kupepesa, koma mawu oti pepani anandichepera mpaka ndinachita nawo manyazi.

Geti linalira, ndipo mwana wa achemwali analowa. Ndi mtsikana amene wangoyamba kutalika, mapewa a amayi ake, ndipo anabwera akuponda mwamphamvu, miyendo yotangadza, manja akukupiza m'mbali, kayendedwe ka amayi ake kenikeni. Ataona foni m'manja mwa amayi ake nkhope inawala.

"Anti, mwabweretsa gemu? Amayi alimo? Ndione."

Ndinatsegula pakamwa, koma achemwali anandipitirira. Anazimitsa foni n'kuiika m'thumba la siketi yawo.

"Mulibe ine, mwanawe. Anti ako anayesetsa, koma sindinakhoze. Anatenga wina."

"Simunakhoze bwanji? Si munati munakwera makwerero mpaka pamwamba? Munati anyamata onse anakhala chete."

"Kukwera ndinakwera."

"Nanga chinavuta n'chiyani?"

Achemwali anakweza mapewa, n'kuyesa kuisandutsa nthabwala, monga amachitira makolo akafuna nkhani ithe msanga. "Akuti sindidziwa kuyenda ngati mkazi. Tsopano pita ukasinthe, ubwere udzandithandize kuyanika."

Mwanayo sanaseke. Anayang'ana amayi ake kuyambira kumapewa mpaka kumapazi, kenako anandiyang'ana ine, kudikira kuti nditsutse. Ndinali ndi mayankho ambiri, ndipo onse ankayamba ndi zimene amayi ake anali atangobisa kumene pofuna kunditchinjiriza.

"Anzanga ndikawauza chiyani?" anafunsa.

"Ukawauze kuti gemu inasintha," anatero achemwali, atawerama kale pa beseni. "Pita."

Anatembenuka n'kulowera kukhomo la kukhitchini. Maso anga ndi a ntchito, amaona mafupa ngakhale ndisakufuna. Atafika pakati pa khonde anazengereza, anayang'ana mapazi ake, n'kubweza mapewa m'kati. Manja anasiya kukupiza. Anafupikitsa phazi, n'kuika lina patsogolo pa linzake, pamzere umodzi, mosamala, mpaka analowa m'nyumba. Achemwali sanaone, anali akufinya majuzi.